Madala a pa njira ya ku Lagavulin

Ndasowa tulo, ndiye ndingolemba. Chandikhala pamtima ndi mawu a madala ena amene ndakumana nawo masana pa kanjira ka oyenda pansi kochokera ku tauni ya Port Ellen, kaja kamadutsa pa Laphroaig ndi Lagavulin n'kukathera ku Ardbeg. Mafakitale atatu a wiski ondondozana m'mbali mwa nyanja pa chilumba cha Islay ku Scotland, makoma oyera mbee, mayina olembedwa ndi zilembo zakuda zoti munthu awerenge ali m'sitima.

Ndinali nditangotuluka ku Laphroaig, jekete yonse ikununkha utsi. Kumeneko mpaka pano balere wina amamunyika n'kumuyala pansi kuti amere, akumamutembenuza, kenaka chimeracho amachifukiza ndi peat, dothi lakuda la zomera zowola limene amalidula m'madambo, likauma n'kulisonkhezera pamoto. Fungo la utsi ndi la mankhwala limene wiski wa kuno amatchuka nalo limachokera pamenepo. Ndinalawa wa zaka 10. Sindinganene kuti ndamukonda, koma mpaka pano akumvekabe kukhosi.

Madalawo anali ndi galu wawo, ndipo anati anagwira ntchito yotcheza wiski mpaka kupuma. Atamva kuti kwathu ndi ku Malawi anayamba ndi za Livingstone ndi Blantyre, monga amachitira ambiri kuno, kenaka sukulu inayamba osaipempha. Akuti alendo amangoganiza kuti wiski yense wa pa Islay ndi wautsi, chonsecho wambiri wa ku fakitale ya Bunnahabhain alibe utsi. Fakitale ya Bruichladdich ili ndi wopanda utsi, koma ndi yomweyonso imapanga Octomore, wautsi woopsa. Wa ku fakitale ya Caol Ila wambiri amakasakanizidwa mu Johnnie Walker, moti ena a inu munaulawa kale utsi wa kuno osadziwa. Anafotokozanso kuti zoyamba kudontha potcheza sazisunga, amazibweza m'poto pamodzi ndi zomaliza n'kutenga zapakati zokha.

Apa m'pamene pakamwa panandiyabwa. Ndinati, "Bambo, agogo anga aakazi ankatcheza kachasu, wa madeya ndi shuga, mpope wodutsa m'madzi ozizira. Kwathu woyamba kudonthayo, mutu, ndi umene azibambo ankalimbirana."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wanga, ameneyo ndi poizoni. Usamutchule pamodzi ndi uyu."

Ndinangomwetulira. Munthu wamkulu sumutsutsa pa msewu, makamaka uli kwawo. Koma m'mimba munabwadamuka.

Chifukwa nkhani yomwe amauza alendo kuno ndi yakuti Laphroaig inayamba mu 1815, Lagavulin mu 1816, ndipo zisanafike pamenepo anthu ankatcheza mobisa, akuthawa a msonkho. Amaikamba monyadira, akuseka. Lamulo la mu 1823 litachepetsa msonkho ndi mtengo wa laisensi, ambiri ku Scotland anatulukira poyera. Lero lamulo likuti mowawo sungatchedwe Scotch, dzina la wiski wa ku Scotland, usanakhale zaka zitatu m'migolo ya matabwa a oak, ndipo ukali wake usatsike pansi pa 40 peresenti. Migolo yambiri ndi yochokera ku America, imene munali bourbon, wiski wa kumeneko, ina munali sherry, vinyo wa ku Spain, ndipo chaka chilichonse pafupifupi 2 peresenti imangouluka. Ndani angadikire zaka zitatu, mowa ukuuluka, fizi ya mwana ikufunika Lolemba? Agogo ankagulitsa tsiku lomwelo botolo likadali lofunda, ndipo bambo anga anaphunzira ndi ndalama imeneyo.

Chikundinyansa kwambiri n'chakuti madalawo sanalakwitse zonse. Ndikuwadziwa anthu amene kachasu anawatupitsa masaya ndi miyendo, ena tinakawaika. Ndikanati ndiwayankhe, ndikanateteza chiyani kwenikweni, mowawo kapena agogo?

Mwina n'kutopa chabe. Mphepo yandiomba tsiku lonse, nsapato zanyowa, ndipo mitengo ya mabotolo imene ndaona m'mashopu a mafakitalewa yandifoola. Eni akenso si a pa chilumba pano. Laphroaig ndi ya Suntory ya ku Japan, Ardbeg ya LVMH ya ku France, Lagavulin ya Diageo. Ndikanawafunsa zimenezi madala aja, koma mayankho abwino amandibwerera nditagona kale.

Anati amayenda ndi galu pa kanjira komweko m'mawa uliwonse. Sitima yobwerera kutsidya, ku doko la Kennacraig, ndi ya masana, ngati mphepoyi ilola. Kaya ndidzukirako, kaya ndingowasiya.