Kabowo ka mfuti kanandidyera masiku a ulenje

Mfuti yanga yabwerako dzulo kwa wokonza mfuti, ndipo mtima wakhala pansi. Koma anzanga a kuno ku South Bend, ku Indiana, amene mukufuna kukasaka agwape ku Michigan, imvani zimene ndaona.

Kumwera kwa Michigan, nthawi yosaka agwape ankalola zipolopolo za mitundu ina yokha, n'chifukwa chake ambiri ankakonda zipolopolo za .450 Bushmaster. Ine ndinali kale ndi mfuti ya AR-15, ndiye ndinati ndingosintha chigawo cha pamwamba. Cha pansicho, chimene chili ndi nambala ndipo ndinalembera fomu 4473 ya boma pogula, sichinafune chilichonse. Vuto linali kabowo kam'mbali kotulukira makoko a zipolopolo. Kabowoko anakapangira makoko ang'onoang'ono a zipolopolo za 5.56, pomwe khoko la .450 ndi lonenepa. Ndikawombera kamodzi, khoko lija linkapanikizika pakamwa, mfuti n'kuima.

Mlamu wanga anati, "Achimwene, tengani tupa mungopala pang'ono." Ndinakana. Chitsulo ukachipala sichibwereranso, ndipo nkhope yako imakhala pomwepo powombera. Musapale nokha, pitani kwa wokonza mfuti.

Tsono wokonza mfuti woyambayo! Pafoni anandiuza kuti ndibwere Loweruka m'mawa. Ndinapempha tchuthi kuntchito, n'kuyenda ola lathunthu m'chisanu, n'kupeza pakhomo pali kapepala koti atseka, apita kosaka. Kosaka! Lachiwiri anaitenga, n'kundilipiritsa ndalama yongoiyang'ana, kenako anakhala nayo milungu itatu osaigwira n'komwe. Ndikaimba foni, yankho linali "mawa". Nyengo yosaka ndi mfuti imayamba pa 15 Novembala n'kutha pa 30, ndipo masiku onsewo ndinangowaonera pawindo.

Ndaiwala kunena, ndisanapite kumeneko ndinali nditagula kale magazini awiri, zoikamo zipolopolo, poganiza kuti vuto ndi limenelo. Ndalama zinangolowa m'madzi.

Wachiwiri, bambo wachikulire, sanachedwe. Anaiyang'ana n'kundifunsa chifukwa chimene sindinagulire chigawo chobwera ndi kabowo kakakulu kale, poti zilipo zopangidwira zipolopolo zazikulu monga .450 ndi .458 SOCOM. Ndinasowa chonena. Anandiikira chatsopano, n'kuiyesa yekha pamalo oyesera mfuti, makoko n'kumatuluka bwinobwino.

Ngati mukufuna kukasaka chaka chamawa, kaonaneni ndi wokonza mfuti mu Ogasiti, ndipo mumufunse tsiku lenileni loti mudzaitenge. Tupayo isiyeni mu galaja. Yanga ndamubwezera mlamu.