Mmene Ndinayambira Kuweta ndi Kuonetsa Llama Nditapuma Pantchito

Munthu amene akufuna kuyamba kuweta llama, chiweto cha ubweya cha m'gulu la ngamila, atakwanitsa zaka 60 ayenera kuvomereza msanga kuti nyama imeneyi imachita zonse pang'onopang'ono, pamene zaka zimene iyeyo adzakhale ndi mphamvu zogwirira ntchito ya m'khola ndi zowerengeka. Yaikazi imakhala ndi bere kwa masiku pafupifupi 350 ndipo imabereka mwana mmodzi yekha, mwanayo amafuna zaka ziwiri kapena zitatu kuti maonekedwe ake enieni adziwike, ndipo yosamalidwa bwino imakhala ndi moyo zaka 15 mpaka 20, zina kupitirira pamenepo. Ine ndinayamba nditapuma pantchito kuno ku Oregon, m'dziko la America, ndipo chilichonse chimene ndinamanga kapena kugula ndinkayamba ndadzifunsa ngati ndidzachithabe thupi likadzayamba kukana.

Ndisanatulutse ndalama, ndinayamba ndayendera alimi akale ndi kukhala nawo m'zionetsero monga woonerera. Iwowa ndi amene anandifotokozera mbiri ya malonda amenewa. Llama kwawo ndi kumapiri a Andes, makamaka ku Peru ndi ku Bolivia, kumene zakhala zikunyamula katundu kwa zaka masauzande ambiri, ndipo ndi za m'gulu la ngamila ngakhale zilibe linunda. Kuno zinatchuka m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamene banja la a Patterson la ku Sisters, m'chigawo chathu chomwechi, linali ndi gulu lodziwika kwambiri, ndipo mitengo inakwera kufika poti anthu ankagula llama ngati njira yosungira chuma. Pambuyo pake mitengoyo inagwa. Kalembera wa zaulimi wa boma la America anapeza llama pafupifupi 145,000 mu 2002, koma pofika 2017 zinali zosakwana 40,000. Nditamva zimenezi ndinaika pambali ndalama zimene ndikanatha kuzitaya popanda kusokoneza penshoni yanga, ndipo ndikulangiza aliyense wa msinkhu wanga kuchita chimodzimodzi.

Kenako ndinakonza malo. Mpanda ndinaumanga wa waya wolukana, wotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, osati kwenikweni kuti llama zisathawe, pakuti sizikonda kulimbana ndi mpanda, koma kuti agalu a anthu ndi zilombo zonga nkhandwe zotchedwa coyote zisalowe. Chimene ndinachiganizira kwambiri ndi kakhola kakang'ono kogwiriramo, ka mamita atatu m'litali ndi atatu m'lifupi, kamene njira zonse zochokera kumsipu zimathera momwemo. Llama yothamangitsidwa pabwalo lalikulu siigwirika, ndipo munthu wachikulire akhoza kugwa ndi kuthyoka chiuno poilondola, koma ikazolowera kulandira chakudya m'kakhola kameneka imalowamo yokha. Pambali pake ndinaikapo chimango chopanikizira nyama pobaya katemera ndi podula zikhadabo, ndiponso sikelo. Nkhokwe ya udzu wouma ili pafupi ndi modyeramo kuti ndisamanyamule mitolo mtunda wautali. Ntchito yoyeretsa ndi yopepuka chifukwa llama zonse zimachita chimbudzi pamalo amodzi, ndipo ndowe zakezo eni madimba amazifuna.

Dokotala wa ziweto ndinamupeza ndisanabweretse nyama ina iliyonse, chifukwa si onse amene amadziwa za llama. Mwayi wathu kuno ndi wakuti sukulu ya zaumoyo wa ziweto ya Oregon State University ku Corvallis yakhala ikufufuza za nyama zimenezi kwa nthawi yaitali. Dokotalayo anandiuza kuti nthaka ya dera lino ili ndi selenium wochepa, mchere wa m'nthaka wofunika m'thupi la ziweto, kuti ana obadwa dzinja la kuno likuyandikira amatha kupindika miyendo chifukwa chosowa vitamini D pamene dzuwa silioneka kwa miyezi, ndiponso kuti mchere wopangidwira ng'ombe ndi woopsa chifukwa uli ndi kopa wochuluka kuposa amene llama ingapirire. Tinagwirizana za katemera wa chaka ndi chaka woteteza ku kafumbata ndi matenda ena a m'matumbo, komanso zoti tiziyeza ndowe tisanapereke mankhwala a njoka za m'mimba. Anandiphunzitsanso kupapasa msana ndi dzanja, popeza ubweya umabisa kuonda mpaka zinthu zitafika poipa.

Pogula, ndinayamba ndi zamphongo ziwiri zofula zimene zinali zophunzitsidwa kale. Llama siisungidwa yokha chifukwa imadwala ndi kusungulumwa, ndipo zofulazo zinandiphunzitsa kavalidwe ka chingwe cha kumutu, kudula zikhadabo ndi kumeta ubweya nyengo yotentha isanafike. Nditazolowera ndinagula zazikazi zochepa koma zabwino koposa zimene thumba langa linalola, zonse zolembetsedwa ku International Lama Registry, bungwe la ku Kalispell m'chigawo cha Montana limene limasunga mbiri ya makolo a nyamazi. Ndinkayang'ana miyendo yowongoka, msana wosapindika, mano a m'munsi okhudzana bwino ndi nkhama ya m'mwamba, ndi makutu aatali opindikira m'kati ngati nthochi. Koma koposa zonse ndinkayang'ana khalidwe. Yaikazi yokongola imene imamenya ndi mwendo ikakhudzidwa ndinkaisiya, chifukwa khalidwe limapita kwa ana, ndipo nyama yolemera makilogalamu 150 siigonjetsedwa ndi mphamvu za nkhalamba. Yamphongo yobereketsa sindinagule msanga. Ndinkalipira kwa alimi ena kuti zanga zikakwere kumeneko, ndipo zimenezi zinandilola kusankha bambo woyenera yaikazi iliyonse payokha.

Kubereketsa llama kumasiyana ndi zimene ife okulira pakati pa mbuzi ndi ng'ombe tinazolowera. Yaikazi ilibe nyengo yoonekera yofuna mphongo, pakuti dzira limatuluka chifukwa cha kukweredwa komweko. Ikalola imagwada pansi, ndipo yamphongo imalira mokhala ngati ikusukusa m'khosi kwa mphindi 20 kapena kupitirira. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri ndimazikumanitsanso, ndipo yaikazi ikakana kugwada n'kuyamba kuilavulira yamphongo, ndimadziwa kuti mwina yatenga bere, kenako dokotala amadzatsimikizira ndi makina ounikira. Ndimawerengera masiku kuti ana azibadwa kunja kukufunda koma kusanatenthe. Nthawi zambiri llama imabereka masana, makamaka m'mawa, itaima chilili, ndipo imeneyi ndi mphatso kwa woweta amene sangathenso kuchezera usiku m'khola. Mayi samunyambita mwana wake, amangomununkhiza ndi kumung'ung'udzira, choncho ndimamupukuta ndi thaulo, ndimanyika mchombo m'mankhwala, kenako ndimabwerera m'mbuyo kudikira kuti aime ndi kuyamwa. Mkaka woyambawo ayenera kuupeza m'maola oyambirira chifukwa ndi umene uli ndi chitetezo chonse cha m'thupi. Mwana wabwino amalemera makilogalamu 9 mpaka 14, ndipo ndimamuika pasikelo tsiku ndi tsiku m'masabata oyamba.

Pali chiletso chimodzi chimene chimandivuta mumtima koma ndimachisunga. Mwana wamphongo sayenera kukumbatiridwa ndi kuseweretsedwa, chifukwa akakula akuona anthu ngati llama zinzake amadzayamba kuwagunda ndi chifuwa ndi kuwaluma monga amachitira ndi amphongo anzake, ndipo khalidwe limeneli silichoka. Ana ndimawaleketsa kuyamwa ali ndi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo amphongo akamera mano akuthwa omenyerana, pafupifupi pa zaka ziwiri kapena zitatu, dokotala amawadula.

Maphunziro a chionetsero amayamba ndi chingwe cha kumutu, ndipo chiyenera kukhala pamwamba pa fupa la mphuno pafupi ndi maso, chifukwa chikatsetserekera pansi chimatseka mpweya ndipo nyama imachita mantha osaiwalika. Ndimaphunzitsa kwa mphindi zochepa tsiku lililonse: kuyenda pambali panga chingwe chili cholendewera, kuima miyendo inayi itayalana, kulola kugwiridwa mapazi, ndi kukwera m'ngolo ya galimoto. Ndinalowa m'bungwe la Alpaca and Llama Show Association, limene zionetsero zake zimagawa nyama potengera msinkhu, ngati ndi yaimuna kapena yaikazi, ndiponso kuchuluka kwa ubweya. Palinso mipikisano yodutsa m'zopinga, yonyamula katundu ndi yoyesa kufatsa kwa nyama pakati pa anthu ndi phokoso, ndipo imeneyi ndi imene ziweto zanga zimachita bwino kwambiri. Chionetsero chikakhala m'chigawo china, pamafunika chikalata cha dokotala chotsimikizira kuti nyama ilibe matenda. Woweruza akamaliza kusanja nyama amafotokoza zifukwa zake pamaso pa onse, ndipo mawu amenewo ndimawalemba chifukwa amandiuza chimene ndiyenera kufunafuna mwa yamphongo ya chaka chotsatira. Masiku amene maondo akuwawa, achinyamata a m'gulu la 4-H, limene limaphunzitsa achinyamata zaulimi ndi maluso ena, ndi amene amalowa ndi nyama zanga m'bwalo, ndipo iwonso amapindula pophunzira.

Famu yakula chifukwa cha mbiri yakuti llama zanga ndi zofatsa. Ena amagula zoti azikaonetsa, ena zofula zolondera nkhosa kwa coyote, ena zonyamula katundu pokwera mapiri, pakuti llama yokhwima imasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake. Ubweya ndi malipiro a yamphongo imene ndinadzailera ndekha zimathandiza kugula udzu. Chiwerengero ndinachiikira malire pa nyama zimene ndingazipapase msana zonse m'mawa umodzi, ndipo chaka chimene ogula achepa ndimakweretsa zazikazi zochepa. Popeza mwana wobadwa chaka chino akhoza kukhalapobe ine nditasiya kale ntchitoyi, llama iliyonse ili ndi faelo yake ya makolo, katemera ndi khalidwe, ndipo ndinalemberana pangano ndi mlimi wina wachinyamata wa m'dera lino, amene amabwera kudzandithandiza kumeta, kuti adzatenge zotsalazo pamodzi ndi mapepala ake onse.