Ana a mkaka asiyeni agwire chakudya, tchati pachokha sichikwanira

M'makalasi ambiri a ana a mkaka phunziro la chakudya limangothera pa tchati cha pakhoma, ana nkumabwereza pambuyo pa aphunzitsi kuti ichi chomanga thupi, ichi choteteza ku matenda, kenako nthawi yodya ikakwana aliyense atsegula kontena yake nkumadya payekha atabisa ndi mkono. Ine zimenezi sizindifika pamtima. Mwana wa zaka 3 mawu oti mavitamini alibe nawo ntchito, iye akufuna agwire, anunkhize, anyambite, mwinanso alavule basi.

Kulavulako si mwano ayi. Pakati pa zaka 2 ndi 6 ana ambiri amakana chakudya chomwe sanachizolowere, ndipo ofufuza amati mwana angafunike kuchilawa ka 10 kapena ka 15 kuti achivomere, pomwe ife makolo tikangoyesa pang'ono timagwa ulesi nkulengeza kuti "uyu kaloti sadya". Chimene chimafulumizitsa zinthu ndi anzake. Mu 1980 wofufuza wina wa ku America, Leann Birch, ankakhazika mwana patebulo limodzi ndi anzake okonda ndiwo zamasamba zomwe iyeyo sankazifuna, patangopita masiku ochepa ana ambiri anayamba kusankha zomwe anzawo aja akudya. Ndiye mukuona, chomwe mayi alephera ndi kunyengerera konse kuja, kamnzake ka patebulo kamachitha osayankhula nkomwe.

Ku France, Jacques Puisais anayambitsa makalasi olawa chakudya m'zaka za m'ma 1970, njira yomwe pano imatchedwa Sapere ndipo ku Finland anailowetsa m'sukulu zambiri za mkaka. Chomwe ndimaikondera ndi lamulo lake, palibe kukakamiza mwana kulawa. Akhoza kungoyang'ana, kufinya, kumvetsera mmene kabichi akulirira akamatafunidwa, nkunena zomwe wamva ndipo palibe yankho lolakwa. Wina ati tomato akununkha ngati mvula, wina ati ayi akunyansa, onse akhoza, ndipo apa mpamene ana amayamba kuzolowera kuti mnzako akhoza kumva zosiyana ndi iwe koma nkukhalabe naye tebulo limodzi. Ku Japan anachita kukhazikitsa lamulo la maphunziro a chakudya mu 2005, ndipo m'sukulu zawo ana amagawirana okha chakudya cha masana nkukonzanso pamalo akamaliza. Maria Montessori naye, yemwe anatsegula sukulu yake ku Rome mu 1907, ankapatsa tiana ntchito yoyala patebulo ndi kunyamula mbale. Inde amataya, madzi amakhuthuka, koma nsanza ilipo eti.

Kumbali ya makolo nkumene nkhaniyi imakoma. Kuwaitana ku miting'i amabwera atatu, koma muwauze kuti Lachisanu ana akuphika ndipo tikufuna munthu wotionetsa mmene kwanu mumakonzera nyemba, muona agogo atulukira, abambo omwe samatsika nkomwe pageti alowa m'kalasi, ndipo anthu omwe akhala akungodutsana chaka chonse ayamba kufunsana mayina. Mwana amene amayankhula movutikira tsiku limenelo amatukumuka, chifukwa amene waima kutsogolo ndi mayi ake.

Koma pali msampha umodzi womwe umandidetsa nkhawa kwambiri. Aphunzitsi akayamba zoti ichi chakudya chabwino ichi choipa, kwinaku akusuzumira m'makontena a ana, amene amachita manyazi ndi mwana yemwe kwawo zinthu sizili bwino, chonsecho iye sanasankhe zomwe amulongedzera. Mukatero mwawagawa anawo m'malo mowaphatikiza. Bola zolawa zichokere m'mbale imodzi ya kalasi yonse, ndipo kholo lomwe silingathe kubweretsa kanthu libwere ndi manja ake kudzathandiza kusenda, osalilemba pa gulu la WhatsApp kuti silinasonkhe. Katswiri wa zakudya Ellyn Satter anagawa ntchito bwino: wamkulu asankhe chakudya, nthawi ndi malo, mwana asankhe ngati adye komanso kuchuluka kwake. Zoti "umalize kaye ndiye ukasewere" zisiyeni.

Zachitetezo musazitenge mwachibwana. Funsani kholo lililonse ngati mwana ali ndi allergy (thupi kudana ndi chakudya china mpaka kudwala nacho), makamaka ya mtedza, mazira ndi mkaka, mulembe mupachike pomwe aliyense wothandiza aone. Mtedza wathunthu osapatsa ana osakwana zaka 5, mphesa muzidule mulitali chifukwa zimatsamwitsa, ndipo azidya atakhala pansi. M'manja asambe ndi sopo asanagwire kalikonse.

Malo a dimba ngati palibe musadandaule, nyemba zimamera ngakhale m'chitini pawindo, mungogawa ana awiriawiri kuti azithirira mosinthana.