Pinotage wandichititsa manyazi

Usiku wathawu pa chakudya chamadzulo ku Stellenbosch, tauni ya ku South Africa, anzanga anakulunga mabotolo anayi a vinyo wofiira m'mapepala kuti tilawe tisakudziwa mayina, ndipo ine amene ndakhala ndikunyoza vinyo wotchedwa Pinotage kwa zaka zambiri ndinaloza botolo lachitatu kuti ndilo lokoma kuposa onse. Pepala litachotsedwa ndinangoti kakasi poona kuti anali Pinotage, anzanga n'kumaseka mpaka misozi.

Ndinkanena kawirikawiri kuti vinyo ameneyu amanunkha ngati tayala lopsa, koma wa dzuloyu anali ndi kafungo ka zipatso zakupsa ndi kautsi pang'ono, ndipo nditatafuna nyama ya nkhosa yootcha n'kumwera, kuwawa kwake kunazimiririka. Vinyo wa Cabernet Sauvignon amene ndimamutama uja anandiumitsa m'kamwa ngati nthochi yosapsa. Mphesa ya Pinotage inabadwira m'tauni yomweyi zaka pafupifupi 100 zapitazo, pamene katswiri wa mphesa Abraham Perold anakwatitsa mphesa za Pinot Noir ndi Cinsaut, choncho ndinagonjera pakhomo pake penipeni.

Chikundiwawa n'chakuti botolo ndinalisankhalo linali lotsika mtengo kuposa limene ndinabweretsa ine, lomwe linathera pa nambala yomaliza.