Chilombo chikakudyerani nkhuku, fufuzani polowera musanatche msampha

Nkhuku ikapezeka yafa m'mawa, ambiri amathamangira msampha kapena poizoni. Kumeneko n'kuyambira kumchira. Chilombo chimene mwapha lero chimangosiyira malo chinzake, ndipo chinzakecho chimadzapeza bowo lomwe lija lili chitsegukire. Ntchito yeniyeni ili pa khola. Koma musanagwire hamala, dziwani kaye amene wakuberani, chifukwa chotchinga kabawi sichitchinga likongwe.

Musafulumire kukwirira nkhuku yakufayo, iyang'aneni bwino. Zikafa zingapo nthawi imodzi, zili ndi timabala pakhosi kapena kunkhongo koma mnofu wosadyedwa kwenikweni, ganizirani tinyama toonda monga mwili kapena likongwe. Timeneti tikalowa m'khola timapha zoposa zomwe tingadye, poti nkhuku iliyonse yophupha imatiputa kuti tigwirenso. Nkhuku yosowa mutu wokha nthawi zambiri ndi ntchito ya kadzidzi wamkulu, kapena ya kanyama komwe kanaikoka mutu kudzera pa waya. Mulu wa nthenga zothothola pamalo amodzi masana, chifuwa chitadyedwa, ndi mbalame yolusa. Ikasowa yathunthu n'kungotsala tinthenga tolozera kutchire, ndi nkhandwe kapena vumbwe. Galu yekha ndi wosalongosoka: amathamangitsa, kuluma pamsana, n'kusiya nkhuku zili mbwee osadya n'imodzi yomwe. Mazira akamasowa popanda zigoba, njoka ikumeza. Zigoba zoboola zikamatsala, ndi khwangwala kapena makoswe. Mwanapiye wakufa wonyowa kuyambira kumutu mpaka m'mapiko, njoka inayesa kumumeza n'kumulavula atakula m'kamwa.

Ngati mukukayikabe, madzulo sefani phulusa kapena mchenga wosalala kuzungulira khola, m'lifupi masentimita 50, ndipo m'mawa mukaone mapazi a chilombo musanatsegulire nkhuku. Phazi la galu ndi la nkhandwe limaonetsa zikhadabo kutsogolo kwa zala. La mphaka ndi vumbwe silionetsa, chifukwa iwo amayenda atabweza zikhadabo. Njoka imasiya mzere wokhotakhota. Chofunika kwambiri n'chakuti pamene mapazi achulukana ndi pomwe pali polowera.

Tsopano nkhani ya waya, pomwe alimi ambiri amapusitsika. Waya wofewa wa mabowo a ngodya zisanu ndi imodzi, amene timangoti waya wa nkhuku, anapangidwira kutsekera nkhuku kuti zisatuluke, osati kuletsa chilombo kulowa. Galu amamung'amba ndi mano, wayayo akachita dzimbiri amathyoka ndi chala, ndipo mabowo ake a mamilimita 25 mpaka 50 ndi msewu kwa khoswe, njoka ndi likongwe. Wodalirika ndi waya wowotcherera wa timabowo ta ngodya zinayi, ta mamilimita 13, wokutidwa kuti asachite dzimbiri. Ngati simungakwanitse khola lonse, muikeni pa mawindo ndi mipata yonse ya chipinda chogona, kenako mita imodzi yam'munsi ya mpanda. Kumtunda wofewa uja angagwire ntchito yotchinga mbalame.

Kakhomedwe nakonso kamagwetsa anthu. Timisomali topinda timazuka chilombo chikakoka mwamphamvu, makamaka pa mtengo wauwisi womwe ukuuma. Panani wayayo pakati pa matabwa awiri n'kukhoma misomali yodutsa, kapena gwiritsani masikuluwu okhala ndi mawashala, motalikirana masentimita 15. Pokumana mawaya awiri, wina akwere pa mnzake masentimita 10 ndipo muwasoke ndi waya wina. Mpata wapakati pa khoma ndi denga la malata umaiwalika kawirikawiri. Mizere ya lata ija imasiya timabowo tokwana khoswe. Musatseke ndi dothi mipata yonse poopa zilombo, ayi. Khola lopanda mpweya limadzaza fungo la zitosi n'kudwalitsa nkhuku chifuwa. Mpata ukhalepo, koma uvale waya.

Njira yachidule yoyesera khola ndi iyi: lowani masana, dzitsekereni, muone pomwe kuwala kukulowera. Bowo lililonse lomwe chala chanu chachikulu chikulowa, liyeseni khomo.

Nkhandwe ndi galu sadumpha kaye, amayamba n'kukumba, ndipo amakumba patsinde penipeni pa mpanda. Mungathe kukwirira waya pansi masentimita 30, koma pa nthaka yolimba kapena ya miyala pali njira yosavuta. Yalani waya pansi kunja kwa mpanda, m'lifupi masentimita 45 mpaka 60, mbali imodzi muisokerere ku mpandawo, kenako mupsinje ndi miyala kapena dothi lochepa. Chilombo chikakanda patsinde chimakumana ndi waya, ndipo sichiganiza zobwerera m'mbuyo kuti chikayambire patali. M'makona muonetsetse kuti mawaya akwerana, chifukwa kukumba kumayambira kwambiri m'menemo. Mpanda wopanda denga ukhale wa mita 1.8, ngakhale kwa mwili ndi mphaka kutalika si kanthu, amakwera basi. Okhawo amawaletsa ndi denga.

Khola la m'mwamba limathandiza ngati lakwezedwa mokwanira, masentimita 60 mpaka mita imodzi. Lotsika kwambiri limasanduka nyumba ya makoswe kunsi kwake. Pa mwendo uliwonse vekani lata losalala lopindidwa ngati chipewa choyang'ana pansi. Ngati pansi pa khola ndi pa timitengo totalikirana, khomani waya kunsi, apo ayi chilombo chimakoka nkhuku miyendo. Mtengo wogonapo utalikirane ndi waya masentimita osachepera 30.

Chitseko chikhale chokhazikika m'mafelemu, chokhala ndi thabwa kapena njerwa m'munsi kuti pasatsale mpata. Kamtengo kozungulira pa msomali umodzi kamatseguka galu akangokankha kangapo. Ikani loko kapena chokowera chofuna kuchita zinthu ziwiri kuti chitseguke. Ndipo chitseko chabwino chilibe phindu ngati chitsekedwa mochedwa. Chisisira ndi mbandakucha ndiyo nthawi imene zilombo zambiri zimayenda. Tsekani nkhuku zikangolowa, muziwerenge, ndipo mutsegule kutayera bwino. Thadzi lomwe lakaikira patchire n'kuyamba kufungatira komweko limakhala chete usiku wonse pamalo amodzi kwa masiku 21. Lisamutsireni m'khola ndi mazira ake usiku.

Masana mdani amachokera kumwamba, ndipo amafuna anapiye. Asungeni m'kakhola kotchinga pamwamba mpaka atakwana masabata 6 kapena 8. Nkhuku zikuluzikulu zimangofuna pothawira pafupi: zitsamba zazifupi, kapena lata loika pa njerwa masentimita 40 kuchokera pansi, m'malo angapo pabwalo. Tambala watcheru ndi mlonda, ndipo kulira kwake kochenjeza za mbalame n'kosiyana ndi kochenjeza za chilombo chapansi. Zonyezimira zopachika ndi zidole zoopsezera zimagwira masiku ochepa, kenako kabawi amazizolowera.

Zambiri mwa zilombozi timaziitana tokha. Chakudya chogona panja chimabweretsa makoswe, makoswe amabweretsa njoka. Chotsani zodyera madzulo, sungani chakudya m'mgolo wachitsulo wovundikira, tolani mazira tsiku lililonse, ndipo musapise dzanja m'chisa mumdima osaunika. Tchetchani udzu mamita awiri kuzungulira khola, chotsani milu ya nkhuni ndi njerwa, dulani nthambi zogwera padenga. Nkhuku yakufa ikwirireni mozama kapena muiotche.

Poizoni ndiye musiyeni. Khoswe wodya poizoni amakafera pabwalo, nkhuku n'kumujompha, mphaka kapena kadzidzi n'kumudya, ndiye mwapha amene amakuchepetserani makoswe. M'mayiko ambiri mbalame zolusa n'zotetezedwa ndi lamulo. Nkhandwe yobwera masana mosaopa anthu musayandikire n'komwe, ingakhale ndi chiwewe.

Chilombo chimene chadya kamodzi chimabweranso, kawirikawiri usiku wotsatira, choncho bowolo litsekedwe tsiku lomwelo ndipo nkhuku zikhale m'kati kwa sabata ngati malo alipo. Zopulumuka zigwireni imodziimodzi, mufunyulule nthenga pansi pa mapiko ndi pamsana, chifukwa mabala a mano amabisala. Tsukani bala ndi madzi owiritsa ozizira, theka la lita mutathiramo supuni yaing'ono imodzi ya mchere. Yovulalayo muipatule pamalo ofunda, a mdima pang'ono komanso opanda ntchentche mpaka bala litauma, chifukwa zinzake zikaona magazi zimaijompha mpaka kuipha.