Kuphunzira nyumba yachifumu ya Versailles potsata madzi ake

Ophunzira mbiri ambiri amaidziwa Versailles chifukwa cha pangano la pa 28 June 1919, lomwe linalanda Germany maiko ake a mu Africa, kuphatikizapo Tanganyika. Panganoli linasainidwa m'chipinda cha magalasi, chotalika mamita 73, chokhala ndi magalasi 357 oyang'anizana ndi mawindo 17. Mlendo aliyense amathamangira komweko. Koma kwa ife a kuchigwa cha Shire, amene timadziwa kuti mtsinje ukhoza kusefukira munda uli pamtunda nkumapsa ndi dzuwa, phunziro lenileni lili panja, m'minda.

Mfumu ya France, Louis XIV, inasamutsira likulu lake kumeneku mu 1682, pamtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchoka ku Paris. Malowo anali a madambo, opanda mtsinje waukulu. André Le Nôtre ndiye anakonza mindayo, ndipo lero malo onse ndi mahekitala pafupifupi 800. Pakati pake anakumba chingalande chooneka ngati mtanda, chotalika kupitirira kilomita imodzi ndi theka, chomwe chinathandizanso kusonkhanitsa madzi a m'damboli. Vuto linali la akasupe oponya madzi m'mwamba. Kasupe wotere alibe injini pansi pake. Madzi amachokera m'madamu omwe ali pamwamba kuposa munda, amatsika m'mapaipi okwiriridwa, ndipo kulemera kwake ndiko kumawatulutsa mwamphamvu pakamwa pa paipi. Damu likakhala pamwamba kwambiri, madzi amalumphanso kwambiri. Likaphwa, zonse zii.

Ndiye madziwo afike bwanji pamwamba? Apa mpoyenera kuchedwapo. Pakati pa 1681 ndi 1684 anamanga makina a Marly pamtsinje wa Seine. Anali ndi mawilo 14 amatabwa, lililonse lalikulu pafupifupi mamita 12, ozungulitsidwa ndi mtsinje womwewo, ndipo ankayendetsa mapampu oposa 250. Madzi ankayenera kukwera mamita pafupifupi 160. Mapaipi ndi zikopa zotsekera mapampu za nthawi imeneyo sizikanapirira kukankha madzi ulendo umodzi, choncho ankawakweza katatu: kuchoka mumtsinje kupita m'damu loyamba, kenaka lachiwiri, kenaka pamwamba pa phiri. Mphamvu yoyendetsa mapampu a m'phiri inkachokabe ku mawilo aja kudzera m'zitsulo zolumikizana zokokana mtunda wautali. Cholakwika chinali pomwepo. Paliponse pomwe chitsulo chikukhulana ndi chinzake mphamvu inkatayika, molumikizira monse munkadontha, ndipo amisiri ankangokhalira kukonza. Anayesanso kukoka madzi a mtsinje wa Eure pa ngalande yoyenda yokha kuyambira 1685, koma nkhondo ndi matenda a antchito zinaimitsa ntchitoyo isanathe.

Madzi sanakwanepo. Mfumu ikamayendera minda, osamalira akasupe ankaimbirana mluzu: wina amatsegula kasupe yemwe mfumu ikuyandikira, wina nkutseka yemwe yadutsa kale. Ndimaona kuti nzeru ya anthu amenewa ndi yoyenera ulemu kuposa golide wa m'zipinda, chifukwa ndi yomweyo imene alimi a pasikimu amagwiritsa ntchito pogawana madzi mosinthana masiku.

Amene wadutsa m'minda ya nzimbe ku Nchalo amadziwa kuti madzi opopa amadya magetsi, ndipo pampu ikaima mbewu imafota. Nchifukwa chake ngalande yaikulu ya ulimi wothirira kuchigwa kuno inakonzedwa kuti izitenga madzi ku Kapichira, kumtunda, kuti aziyenda okha motsetsereka. Funso lomwe linasautsa amisiri a Louis XIV ndi lomweli: tipope, kapena tikawatenge kutali komwe ali pamwamba kale?

Kwa wopita kukaona, dongosolo ndi ili. Kuchoka ku Paris kwerani sitima ya RER C mpaka siteshoni ya Versailles Château Rive Gauche, pomwe pamatsala mphindi ngati khumi pansi. Lolemba nyumbayi imakhala yotseka. Lachiwiri kumadzaza chifukwa Louvre, nyumba yotchuka yoonetsera zinthu zakale ndi zaluso ku Paris, imakhala yotseka tsiku limenelo, alendo nkukhamukira kuno. Tikiti gulirani pa intaneti, imakhala ndi nthawi yolowera. Chomwe chimakhumudwitsa ambiri nchakuti akasupe sathira madzi tsiku lililonse. Amatsegulidwa masiku oikika, makamaka Loweruka ndi Lamulungu kuyambira cha mu April mpaka October, ndipo masiku amenewo kulowa m'minda nkolipira. Mukapita mu January mukapeza akasupe ali duu, ziboliboli zambiri zitakutidwa kuopa chisanu.

Nsapato zikhale zoyendera, chifukwa njira ndi zamiyala ing'onoing'ono ndipo kukafika ku Trianon, nyumba zachifumu zocheperako zomwe zili m'malo omwewa, ndi pafupifupi theka la ola. Musanatsikire kumindako, imani pakhonde la kummwera muyang'ane pansi pomwe pali Orangerie, malo osungirako mitengo ya zipatso. Mitengo yoposa 1,000, kuphatikizapo ya malalanje, mandimu ndi makangaza, imakulira m'mabokosi amatabwa. Chisanu chikamayandikira amainyamula yonse kuilowetsa m'nyumba ya zipupa zochindikala, ndipo amaitulutsanso cha mu May.