Ndamaliza abale, ndipo zikomo woyamba apite kwa asibweni

Mauthenga anu ndawaona onse, koma thupi silikulola kuti ndiyankhe mmodzimmodzi, ndiye landirani zikomo wanga pano pamodzi. Ndamaliza mpikisano wosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga. Makilomita 1.9 m'madzi, 90 panjinga, 21.1 wapansi, onse pamodzi 113, m'dzuwa la Okutobala la ku Nkhata Bay. Ndinafika m'gulu la omalizira, anyamata atayamba kale kupinda matenti, koma maola 8 ndi theka amene anatiikira anali asanakwane. Atate wakumwamba, Inu amene munandidzutsa chaka chija BP itandigwetsa m'kalasi ana akuona, ulemu ndi wanu. Sindinakupempheni mendulo. Ndinapempha kuti ana anga asalandire foni yoipa Loweruka, ndipo mwandimva.

Ndisanatchule wina aliyense, asibweni anga, mlongo wawo wa amayi. A ku Chibavi mukuwadziwa, madala aja okonza njinga pansi pa mtengo, amene anapalasa kabaza m'tauni muno kuyambira nthawi imene tinkangoti Sacramento. Asibweni, ndikudziwa kuti Facebook mulibe ndipo izi akuwerengerani ndi adzukulu, mwina mukalipanso kuti ndakuyalutsani pagulu. Kalipani. Yewo chomene.

Njinga imene ndinapalasa ija ndinaigula yakale, magiya akudumpha, limu yakutsogolo ikuvina. Anaimasula yonse, kusintha masipoko, tcheni ndi zingwe za mabuleki, n'kumakweza ndi kutsitsa chishalo mpaka bondo langa lakumanzere litasiya kudandaula. Nditatulutsa ndalama anandiyang'ana mpaka ndinaibweza m'chikwama ndekha.

Ambiri mukufunsa za chithunzi chija chikuzungulira pa WhatsApp, ine ndili chogona pansi pa mtengo wa mango nditakutidwa chitenje. Ndifotokoze kamodzi kokha, chifukwa amayi anga akumva nkhani zosiyanasiyana ndipo ena awauza kale kuti ndinakomoka. Sindinakomoke.

Vuto lake ndi Mzuzu wathu yemweyu. Tili pamtunda, mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja yathu siifika n'komwe pa 500. Mtunda wa pakati pake ndi makilomita osakwana 50, koma nyengo yake ndi ya maiko awiri. Ine ndakhala ndikukonzekera m'bandakucha wa Juni ndi Julaye, m'chifunga, nditavala juzi ndi magolovesi, kupita ku Ekwendeni ndi kubwerera, kapena kukwera cha ku Lusangazi. Miyendo inaphunzira zitunda, mapapo anaphunzira mpweya wa kumtunda, koma thupi silinaphunzire kutaya kutentha. Odziwa za masewera amati thupi limafuna masiku 10 mpaka 14 likugwira ntchito m'malo otentha kuti lizolowere, liyambe kutuluka thukuta msanga ndiponso lisamataye mchere wambiri. Mphunzitsi angawapeze kuti masiku amenewo teremu itangoyamba? Asibweni sanawerengepo zimenezi, koma Seputembala atangolowa anandiletsa kupalasa m'mawa Loweruka. Ankati nditsike msewu wa ku Nkhata Bay mpaka ku Mpamba, ndiyambe kukwera pobwerera dzuwa lili paliwombo. Ndinkawanyinyirika kwambiri. Popanda masana amenewo sindikanafika ngakhale pa Chintheche.

Za m'madzi sindichulutsa. Nyanja inali bata m'mawa, madzi ofunda, moti za masuti okhuthala osambira aja sizinamveke n'komwe. Ku mipikisano ikuluikulu yamtunduwu, yotchedwa Ironman, masutiwo sawalola madzi akafunda kupitirira madigiri 24.5 kwa amene akulimbirana mphoto, ndipo ine zinandikomera chifukwa ndilibe. Asodzi amene munatiperekeza pa mabwato, zikomo. Anyamata a ku Chikale amene munaphunzitsa mayi wamkulu ngati ine kupuma cham'mbali osamwa nyanja yonse, mukundiseka koma osatopa nane, zikomo.

Panjinga popita zinali bwino. Chitunda chotulukira m'boma ndinachikwera ndikuimba, n'kulowa M5 kulunjika kummwera. M'minda ya labala ya ku Vizara muli mthunzi wokoma, ndipo ndikanadziwa ndikanaunyamula wina m'thumba, chifukwa mutadutsa pamenepo mulibenso chifundo. Mlatho wa Luweya, Chintheche, n'kukatembenukira kufupi ndi Bandawe. Pokhotapo mphunzitsi wa mbiri mwa ine anadzuka. Amishoni a Livingstonia anafika pa Bandawe mu 1881 akuthawa malungo a ku Cape Maclear, ndipo mu 1894 Robert Laws anakwera phiri kukakhazikika ku Khondowe. Ndinadziuza kuti anthu aja anaona kuti kunyanja kuno n'kosayamba, iwe wochokera kozizira watsikira dala kudzathamanga masana.

Pobwerera ndiye dzuwa linatsegula maso. Phula likunyezimira, nyenje zikulira mpaka m'mutu, madzi a m'botolo atafunda ngati tiyi wa pamaliro. Ndinayamba kudutsa anzathu ena a njinga zodula, zija mtengo wake umagula poloti, atakhala m'mbali mwa msewu mitu ili pansi. Sindikuwaseka ayi, ndi anthu olimba kuposa ine. Dzuwa silinafunse mtengo wa njinga.

Ku mipikisano ikuluikulu yakunja, munthu wapadera akakupatsa chinthu panjira amatha kukuchotsa mu mpikisano. Amene anakonza wathuwu anaona kutentha n'kulola kuti aliyense akhale ndi womuthandiza. Ena anabwera ndi magalimoto. Ine ndinali ndi asibweni, atakwera kumbuyo kwa kabaza wa njinga yamoto amene anamulipira okha, atakumbatira kabokosi ka ayisi wogula kwa ogulitsa nsomba. M'jumbo munali nthochi, mbatatesi zowiritsa zothira mchere, mafrizesi ndi mapaketi a Thanzi. Ankapita kutsogolo, kuima pamthunzi, ine ndikafika andipatsa botolo limodzi lamadzi, lina la Thanzi, osandifunsa ngati ndikufuna.

Za mcherezi ndiimepo pang'ono, chifukwa kwathu ndi nyumba ya BP ndipo mchere timauopa. Thukuta silituluka lokha, limatenga mchere wa m'thupi, ndipo pa dzuwa lotere munthu amatha kutaya lita yathunthu kapena kuposa pa ola limodzi. Ukamangobwezera madzi okhaokha ambirimbiri, mchere wa m'magazi umasungunuka n'kuchepa. Mutu umayamba kuwawa, nseru, zala kutupa, ndipo zikafika poipa munthu amasokonezeka, amatha kufa kumene ali ndi mimba yodzaza madzi. Adokotala anga anandifotokozera zimenezi tisanapite, n'kundiuza mmene ndimwere mankhwala anga tsikulo, choncho a BP anzanga musatengere ine, kafunseni kaye. Nditakawafotokozera asibweni anangoseka. Anati, "Amama, mizere yoyera ija imakhala pamsana pa malaya a wakabaza madzulo mumayesa ndi choko?" Munthu amene wanyamula matumba a makala ndi amayi apakati kukwera nawo zitunda za Mchengautuwa safunika kumuuza za thukuta.

Kuthamanga ndinayamba dzuwa litapendeka pang'ono chabe, nthawi imene ngakhale agalu a ku Nkhata Bay amakhala atabisala. Asibweni anamusiya wa njinga yamoto uja, n'kubwereka njinga yakapalasa kwa munthu amene sanamuonepo chibadwire. Mmene anamunyengerera sindikudziwa. Theka loyamba ndinalimba. Titapitirira pang'ono akatumba anayamba kukokana, m'mimba mukutembenuka, kenako chinthu chimene chinandiopsa: thupi lonse tsemwe, kumva kuzizira pakati pa ng'anjo imeneyo. Sindinawauze. Anaona okha manja anga, n'kupingasa njinga kutsogolo kwanga.

"Amama, khalani pansi."

"Asibweni, nthawi ikutha."

"Nthawi ndi ya eni ake. Inu ndinu wa mlongo wanga. Khalani pansi."

Ndinalira, ndinawalankhula mawu amene mwana salankhula kwa sibweni wake. Iwo osasuntha. Anandigoneka pansi pa mango uja, miyendo anaikweza pa kabokosi, ayisi m'khosi ndi m'khwapa. Mayi wina amene amagulitsa tomato pamsewupo anamasula chitenje chapamwamba, kuthamanga nacho ku mjigo, n'kubwera nacho chikudontha kudzandifunditsa. Ana anathyola makatoni n'kumandikupiza. Mayi aja ankandilankhula m'Chitonga, ine kumva theka, koma ndinadziwa kuti akundikalipira mwachikondi. Chithunzi chija chinajambulidwa pamenepo.

A zachipatala amene anadzipereka tsikulo anafika, kundigwira mtsempha, kundiyeza kutentha, kundifunsa dzina, tsiku, kumene ndili ndi maina a ana anga. Anandiuza mosabisa kuti ndikanaphonya funso limodzi lokha, mpikisano wanga ukanathera pomwepo, chifukwa kutentha kukafika posokoneza mutu sikukhalanso kutopa wamba, ndi ngozi yofuna kuziziritsa munthu msangamsanga ndi kuthamanga naye kuchipatala. Mnzathu mmodzi zinamuchitikira zimenezo, anamunyamula pagalimoto. Ndalankhula ndi akazi ake dzulo, watuluka ndipo akudya. Timuyamike Mulungu. Ine anandisunga mpaka tsemwe litatha ndipo ndamwa osasanza, ndiye anandilola, koma atapangana ndi asibweni, osati ndi ine.

Lamulo la asibweni linali lakuti padzuwa ndiyende, pamthunzi ndithamange, ndipo ndikangodzandira kamodzi andimangirira pakaliyala ndi malegeni. Anatsika panjinga n'kumaikankha pambali panga. Munthu wa zaka za m'ma 60, bondo lake lija mukulidziwa, atavala patapata. Sanandiuze kuti ndine wamphamvu, sanandiuze kuti ndatsala pang'ono. Ankangotchula mtengo wotsatira. "Tifike pa mkuyu uwo." Tikafika, "Tifike pa golosale iyo." Pena ankandisimbira za amayi anga ali mtsikana, nkhani zimene sindinazimvepo ndipo amayi akaziwerenga apa adziwa kuti tili ndi milandu yoti tikambe. Ayisi atatha ankapempha madzi m'makomo n'kumandithira m'mutu ndi kapu. Pa mzere womalizira anaima patali, akuti si wawo. Ndinachita kubwerera kukawakoka dzanja.

Mpikisano wa Ironman unayambira ku Hawaii mu 1978, anthu 15 ananyamuka, 12 n'kumaliza, ndipo lero uli ndi mawotchi oyeza kugunda kwa mtima, zakudya za m'timapaketi ndi makochi a pa intaneti. Zonsezo n'zabwino kwa amene angakwanitse. Ine wotchi yanga inazima batire ndili pa Luweya. Amene ankawerenga thupi langa anali madala osadziwa n'komwe kuti mtunda umenewu azungu amautcha 70.3, powerenga mamailosi ake.

Bambo a kunyumba, zikomo chifukwa cha miyezi yonse ija munkaphikira ana phala ine ndili pamsewu, komanso chifukwa chosayankha anthu amene ankakufunsani ngati mukadali mutu wa banja. Ana anga, mwandiona ndikulira, musachite manyazi. Amayi a Umanyano amene munagwada Lachisanu madzulo, pemphero lanu linafika pansi pa mango paja. Aphunzitsi anzanga amene munanditengera makalasi, ndibweza. Madalaivala a Sienta amene munkamangirira njinga yanga osandidulitsa, ndi inu mlongo wanga namwino amene mwandikumbutsa kale za mankhwala a likodzo pakapita milungu ingapo, ndamva, ndimwa. Amayi a pa lesitilanti ija munandipatsa kondowole ndi batala usiku ule n'kukana ndalama, sindinathe kudya zambiri koma mtima unakhuta.

Palinso ena. Aja munkati mkazi wamkulu, mphunzitsi, kumavala kabudula wothina pamsewu n'kusowa chochita. Aja munalonjeza za mafuta pagulu, tsiku litayandikira foni n'kumangoitana. Ndaona kuti ndinu oyamba kuika chithunzi changa pa status n'kulemba kuti "wathu uyu." Palibe kanthu, chiikeni, ndi chaulere. Kungoti pachithunzipo yang'anitsitsani kumbuyo kwanga, muona madala ovala patapata atagwira njinga yobwereka. Wathu ndi ameneyo.

Asibweni, nsapato zimene ndakugulirani musazisunge m'sutikesi kudikira ukwati wa munthu. Ndipo za bondolo tipita limodzi kuchipatala sabata ino, nthawi ino wopingasa njinga ndikhala ine. Ambuye akusungireni masiku, akudalitseni manja amenewo, ntchito isasowe pansi pa mtengo wanu. Inu a mu Mzuzu amene njinga zanu zikuchita dzimbiri kuseri kwa nyumba, mukudziwa kopita nazo, ndipo mukalipire, musatengere mwayi ufulu wawo.

Mayi a tomato, dzina lanu sindinafunse. Chitenje chanu chobiriwira chija chinabwera nane ku Mzuzu, ndachichapa ndipo ndibwera nacho ndekha ndikangotha kukwera galimoto osabuula. A ku Nkhata Bay amene munaona zimene zinachitika pa mango paja ndipo mukuwadziwa, chonde auzeni kuti sichinabedwe.

Amene mwayamba kale kundifunsa za mtunda wathunthu, uja wa makilomita 3.8, 180 ndi 42.2, ndisiyeni kaye. Masitepe a pakhomo pano ndikutsika chammbuyo, zikhadabo ziwiri zakuda, ndipo mawa ndili ndi Fomu 3 piriyodi yoyamba. Asibweni atumiza kale mwana kudzanena kuti limu yakumbuyo yapindika, ndipite nayo njinga Lachitatu.